Chipinda cha Alendo

Njerwa zinali zitawotchedwa kale, uvuni uli chiimire kuseri kwa khola, koma nyumba ya Mayi Ottilia inali isanayambike. Mwana wawo Precious, namwino ku Lusaka, anakaniratu zoti mmisiri wa m'mudzi angolemba maziko pansi ndi kamtengo monga timachitira kuno ku Vubwi. Ankafuna pulani ya papepala. Analankhula pafoni ndi anthu awiri ojambula mapulani ku Katete, n'kuuza amayi ake kuti apite akasankhe okha.

Mayi Ottilia sanadandaule za ulendowo, ngakhale msewu wake ndi wothyola msana. Mumtima anali atamaliza kale nkhani yonse: munthu samanga nyumba ya malata kwawo ngati alibe maganizo obwerera. Anyamata awo anapita kale kuchikamwini. Precious ndiye anali mwana wamkazi yekhayo, ndipo kwathu kuno mwana wamkazi ndiye amatsala pamudzi, kulima munda wa amake, ana ake n'kumagudubuzika pabwalo lomwelo. Ankamusowa mwanayo, kumusowa kwenikweni, moti akakolola mtedza ankamusungira thumba lake ngakhale chaka chimene sanabwere.

Wojambula woyamba anali Kenneth, mnyamata wa tayi, ofesi yake pafupi ndi msika. Anthu a tayi pakutentha kwa Okutobala ine sindiwamvetsa, koma ulemu anali nawo. Anatembenuza kompyuta kuti mayiwo aone.

"Apa ndi pabalaza, apa kicheni. Iyi bedirumu yanu, amayi. Iyi gesiti rumu."

"Gesiti chani?"

"Chipinda cha alendo."

"Nanga cha Precious n'chiti?"

Kenneth anakanda m'mutu n'kunena kuti zipinda zogona ndi ziwiri zokha. Mayi Ottilia ananyamuka, akukhwekhwereza nsalu pansi. Munthu wophunzira chonchi angaiwale bwanji mwini nyumba n'kukumbukira alendo? Alendo ake ati? Anatuluka osatsanzika, ali ndi chitsimikizo choti mnyamatayo sanamvetsere bwino pafoni.

Wachiwiri, Joel, anali bambo wa imvi, wogwirira ntchito pakhonde pa shopu ya mbale wake. Anawapatsa mpando ndi madzi, n'kutambasula pepala patebulo. Mayi Ottilia anamukonda asanalankhule n'komwe. Ulendo uno sanadikire kuuzidwa. Anaika chala pa chipinda chachiwiri.

"Ichi n'cha mwana wanga, eti?"

"Icho n'cha alendo, amayi."

"Inunso?"

Joel anawayang'ana, n'kuvula magalasi. Akanatha kunama, ndipo ntchito akanaipeza pomwepo, koma sanatero.

"Mawuwo si anga. Anandiuza okha a Precious kuti, 'Chimodzi cha amayi, china cha alendo, ndizifikiramo ndikabwera pa Khirisimasi.' Ndinawafunsanso ngati tisiye malo owonjezera zipinda mtsogolo. Anati yawo akumanga ku Lusaka."

Minibasi ya ku Chipata inadutsa pamsewu, kondakitala akukuwa. Chala cha Mayi Ottilia chinali chidakali papepala. Ndiye kuti Kenneth uja sanalakwe kanthu. Mwana amene anamubereka, amene mchombo wake unakwiriridwa pamudzi pomwepo, anadzitchula yekha mlendo, ndipo anatero kwa anthu awiri osawadziwa asananene kwa amake. Zinawapweteka, ndipo sanabise. Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, Joel n'kuyang'ana kumbali.

"Nditha kufufuta mawuwo," anatero Joel motsitsa mawu.

"Musafufute. Wanena yekha." Anausa moyo, n'kukokera pepala pafupi. "Ntchito ndakupatsani inu. Koma apa pakati mwaikapo chani?"

"Bafa, amayi."

"Lichotseni, lipite kwina. Chipinda changa ndi cha mlendoyo zigundane. Ndipo khoma lake likhale lopyapyala, la njerwa imodzi, kuti masiku ochepa amene azibwerawo ndizimumva akamatembenuka pabedi."