Impso za a Bauleni ndi Makalata a ku Ntcheu

Zelesi anakumana ndi njinga ya mwamuna wake pageti, ikutuluka. Ankaikankha ndi Ngoni, mnansi wawo wowotcherera zitsulo, ndipo ataona mayiyo anagwetsa nkhope.

"Andipatsa okha Sekuru, ine sindinapemphe," anatero, kunena a Bauleni, mwamuna wa Zelesi.

Zelesi anatula dengu la tomato wotsala kumsika pakhonde n'kulowa m'nyumba mtima uli m'mwamba. Lolemba inapita wailesi, Lachiwiri majombo a kumgodi, lero njinga. A Bauleni ankagawa katundu wawo, ndipo tsiku lonyamuka anali atalitchula kale: Loweruka akwera kombi ya ku Harare, kumeneko basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, mpaka kwawo ku Ntcheu, kumene anachoka ali mnyamata zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo.

Anawapeza pampando, miyendo ataisanjika pa ndowa yovundikira. Mapazi anali atatupa moti ukadinapo chala pamatsala dzenje. Miyezi iwiri m'mbuyomo, kukiliniki ya ku Chipadze kunafika anthu a kafukufuku amene ankayeza magazi ndi mkodzo, ati pofuna kufanizira matenda a impso m'mayiko angapo. A Bauleni anapitako chifukwa choti mwana wawo womaliza, Beverly, amathandiza anamwino kumeneko ndipo anawakokera yekha. Anabwerako ndi pepala lonena kuti impso zawo zatopa, magazi akuthamanga kwambiri, mchere asiye, mapiritsi amwe tsiku lililonse, ndipo mwezi ndi mwezi azikaonekera kwa dotolo.

Mkuluyo nayenso anachita kafukufuku wake, wa pampando, ndipo anamumaliza tsiku limodzi. Ati matendawa ndi a dziko lino la Zimbabwe. Abwera ndi madzi a pansi pa mgodi, fumbi la miyala ndi zakudya za m'tauni. Kwawo impso amazidziwa za mbuzi zokha, zootcha pamakala. Munthu akangomwa madzi a pachitsime cha kwa Kasinje, thupi limabwerera mwakale.

"Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka," anatero tsikulo Zelesi atangolowa, asanafunsidwe n'komwe za njingayo.

"Nanga Lachinayi la sabata yamawa lija dotolo akudikira ndani, bambo a Desmond?"

"Adikira a kuno."

Zelesi anachita mantha, ndipo manthawo anali ndi chifukwa. Iye anabadwira pafamu ina kufupi ndi Shamva. Makolo ake anali a ku Malawi, koma dzikolo ankalidziwa m'nkhani zawo basi, ndipo pasipoti anali asanaigwirepo chibadwire. Mwamuna wake akapita, apita yekha, asiya mapiritsi ndi dotolo, ndipo iye adzamva za maliro pafoni. Masiku amenewo ankalephera kukhala pansi. Amasesa pamene wasesa kale, amapita kumpopi ndi chidebe chodzaza, kumsika amapatsa munthu anyezi atapempha tomato.

Beverly anafika masana ndi mapepala ake. Mwanayu Chichewa amamva chonse, koma akamalankhula chimatuluka chopiringizana ndi Chishona, ndipo bambo ake ankamuseka kuti amayankhula ngati wailesi yogwira masiteshoni awiri. Anawafotokozera mofatsa kuti matenda a impso ali paliponse, ndipo akatswiri amati mwina munthu mmodzi pa anthu khumi alionse padziko ali nawo, ambiri osadziwa. Kwina amabwera kwambiri ndi shuga, kwina ndi kuthamanga kwa magazi. Kuli mayiko akutali kumene odula nzimbe padzuwa osamwa madzi okwanira amatha nawo. Ngakhale mapiritsi opha ululu amene anthu a kumgodi amameza ngati mtedza amawononga impso.

"Ku Malawi nako ariko, Baba," anatero. "Koma kumene anthu sayezedwa, matenda saoneka papepala. Saka musati kulibe."

A Bauleni anamuuza kuti mapepala ali nawo nawonso. Anatuma Zelesi kukatenga chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. M'menemo munali makalata a mng'ono wawo Yotamu, kuyambira a sitampu zakalekale mpaka omaliza, foni zisanalande ntchito ya positi. Anawayala patebulo n'kulamula Beverly kuti awerenge aliyense amene angafune, ndipo akapeza mawu akuti impso, iwo ulendo auleka.

Beverly anawerenga movutikira, akugwa m'mawu n'kudzuka. Kalata yoyamba inati kuno tonse tili bwino, kaya inu kumeneko. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachisanu, ya chaka cha njala, inati mvula yavuta pang'ono koma tonse tili bwino. A Bauleni ankagwedeza mutu ngati woweruza amene mlandu ukumuyendera.

Zelesi anali chiimire pakhomo, ndipo pamene mwamuna wake ankakondwa, iye anayamba kukumbukira mayankho a makalatawo, poti ankakawaponya ku positi ndi iyeyo. Chaka chimene mwala unaphwanya zala ziwiri za a Bauleni pansi pa mgodi, analembetsa mnzawo kalata yoti kuno tili bwino. Mgodi utawachotsa ntchito, tili bwino. Desmond, mwana wawo woyamba, atagona m'chipatala miyezi itatu, makalata onse ankati tili bwino, kufikira ija yonena kuti wamwalira atadwala pang'ono. Mtchona sadandaulitsa a kumudzi, ndi mmene a Bauleni ankanenera, poti atani nazo nkhawa anthu amene sangathe kubwera? Zelesi anadzifunsa kuti ngati wa kuno amalemba choncho, wa uko amalemba bwanji.

Anamukokera Beverly kuseri kwa nyumba. Anamufunsa ngati akadali ndi nambala ya Fainess, mwana wamkazi wa a Yotamu, amene amatumizirana naye zithunzi. A Bauleni ndi a Yotamu ankalankhulana Lamulungu lokha, pa mawu okha, ndipo nkhani zawo zinali mvula ndi mitengo ya feteleza. Zelesi anati ayi, aimbe tsopano lino, masana a Lachitatu, pa foni yoonana nkhope, osachenjeza munthu.

Fainess anayankha ali ndi khasu paphewa. Atamva mawu a Zelesi anagwada komweko kumunda n'kupereka moni wonse, ndipo anayamba kunena kuti onse ali bwino.

"Mwanawe, ine ndine mayi ako," anamudula Zelesi. "Mukabisa matenda, maliro tidzamva. Bambo ako ali bwanji?"

Mtsikanayo anadzuka n'kuyamba kuyenda. Pafoni pankaoneka mizere ya kachewere, njira, mpanda wa udzu. Zelesi analowa nayo foniyo m'nyumba n'kuiika m'manja mwa mwamuna wake.

A Yotamu anali pamphasa pansi pa mtengo wa pichesi, atatsamira thumba. Nkhope inali yofufuma, maso ang'onoang'ono. Miyendo inali yotupa kufika m'mawondo. Munthuyu anali asanaponde pamgodi chibadwire, ndipo madzi amene wamwa moyo wake wonse ndi a chitsime chomwe chija cha kwa Kasinje. Fainess anafotokoza ali kumbuyo kwa foni kuti kuchipatala anawauza chaka chatha kuti ndi impso ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi uno kudzuka kukuvuta. Anawonjeza, mwamanyazi, kuti bambo ake akhala akuumirira kuti awapezere njira yopitira ku Zimbabwe. Ati achimwene awo akhala kumeneko zaka zonsezi osadwalapo ngakhale mutu, ndiye kumeneko matendawa kulibe.

Beverly anagwira pakamwa. 

"Achimwene," anatero a Yotamu, akuyesa kudzikonza pamphasapo. "Mwatidzidzimutsa. Muli bwanji kumeneko?"

"Ife kuno tili…"

A Bauleni sanamalize, chifukwa Zelesi anawalanda foni n'kuilozetsa pa ndowa paja. Anaisiya pamenepo nthawi yaitali, kuti mlamu wake aone bwinobwino, mpaka anadina chala paphazi kuti dzenje lioneke. Pa zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati anali asanalandepo mwamuna wake kanthu m'manja.

Ku Ntcheu kunamveka kuseka kwa munthu wopanda mphamvu, kuseka kumene kunathera m'chifuwa. Kenako a Yotamu ananena chimene sichinalembedwe m'kalata iliyonse ya m'chitini muja. Mayi awo, amene a Bauleni anauzidwa kuti anamwalira atadwala pang'ono, anagona chaka chathunthu miyendo ili chonchi. Malume awo chimodzimodzi. Kalelo panalibe woyeza, anthu ankangoti ndi matenda otupa.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa a Bauleni.

"Mukanatani, achimwene? Inu zala zija munandiuza? Ndaziona lero pamene mumagwira foni."

Foni itaduka, Beverly anasonkhanitsa makalata n'kubwerera kuntchito. M'mawa mwake a Bauleni anamwa mapiritsi awo osakumbutsidwa, n'kunena kuti ulendo walephereka, ndipo kwa dotolo apita. Nkhani yoti kwawo kulibe matenda sanaitchulenso.

Zelesi anapambana, ndipo anayembekeza kuti mtima ukhala pansi, koma sunakhale. Loweruka linadutsa mwamuna wake ali pampando, ndiwo zopanda mchere akudya osadandaula, zomwe zinamuopsa kuposa kukangana kuja. Munthu amene ankatsutsa chilichonse, ngakhale za nyengo, tsopano ankangoti chabwino. Masana ankapempha Beverly kuti aimbe ku Ntcheu, ndipo akaimba, abale awiriwo ankangoyang'anana, uyu n'kufunsa ngati wadya, uyo n'kuyankha kuti pang'ono. Tsiku lina a Yotamu analephera kukhala tsonga, ndipo Fainess anachita kuwagwirira foni pamwamba pa nkhope.

Kumsika Zelesi ankaganiza za zimenezi mpaka makasitomala kumudzutsa. Iye mwamuna wake wakhala naye zaka zonsezi, akumuona m'mawa ndi madzulo. A Yotamu anatsala ali mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, akuthamangira lole imene inatenga mkulu wawo. Zelesi ankafuna kuti a Bauleni akhale, ndipo ankafunabe, koma anayamba kuchita manyazi ndi kupambana kwakeko. Chibale n'fupa, sichiola, ndipo iye ndi amene anafukula fupalo ndi manja ake.

Lachinayi anapita onse kwa dotolo. Atamaliza kuyeza, a Bauleni anatuluka kukadikira pabenchi, koma Zelesi anatsalira. Anafunsa m'Chishona, motsitsa mawu, ngati munthu wa impso zotere angapirire ulendo wa pabasi wa masiku awiri. Dotoloyo, mayi wachitsikana wotopa ndi mzere wa panja, anamuuza zoona zokhazokha. Anati ulendowo ndi woopsa, miyendo idzatupa kwambiri, ndipo sangalonjeze kanthu. Koma ngati pali chifukwa chachikulu, nthawi yake ndi ino, poti pakatha miyezi ingapo sadzathanso. Analemba kalata yokaonetsa kuchipatala cha kumeneko n'kuwonjezera mapiritsi.

Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono, a Bauleni atavala mapatapata chifukwa nsapato zinali zitakana. Atafika pamthunzi wa sitolo ina anaima kuti apume, ndipo Zelesi anawapatsa kalatayo.

"Mupite mukamuone mng'ono wanu, bambo a Desmond."

Anaiyang'ana, n'kuyang'ana mkazi wawo. Anafunsa ngati si yemweyu amene sabata yatha ankalira kuti asapite. Zelesi anati ndi yemweyo, koma sabata yatha ankapita kukafuna madzi a pachitsime, pomwe tsopano akupita kwa munthu.

"Nanga ndikakalephera kubwerako, mai a Desmond?"

"Ndiye kuti mudzakhala mutamuona."

Loweruka lotsatira Zelesi anawaperekeza kokwerera makombi. Beverly ndi amene anapita nawo mpaka ku Harare kukawakweza basi. Zelesi anakangana ndi kondakitala mpaka anawapatsa mpando wakutsogolo, woti atambasule miyendo. Anawakumbutsa za mchere, za mapiritsi a m'mawa, za kalata ya dotolo imene inali m'thumba la jekete. Analankhula zambiri, mofulumira, chifukwa ankaopa kuti akasiya alira pamaso pa anthu. A Bauleni anatulutsa dzanja lawo la zala zitatu pawindo, ndipo iye analigwira mpaka kombi itayamba kuyenda.

Lonjezo loti adzabwerera sanawapemphe, chifukwa ankadziwa kuti akanamupatsa.