Chipeso pa Tebulo la Mphatso

"Mwatinamiza, bwana."

Wamanzere ananena mawuwa ataluma selotepi, moti anatuluka opotoka, koma aliyense m'sitolomo anawamva. Mwini sitolo, amene antchito ankamutcha Mawamawa akangotembenuka, anali atangomata pepala pachitseko lonena kuti lero, poti ndi tsiku la okondana, satseka mpaka wogula womaliza atatuluka. Dzulo lake bambo yemweyo analonjeza ndi pakamwa pake kuti aliyense wolawirira, atavala malaya ofiira, adzaweruka dzuwa likadalipo. Wamanzere analawirira. Malaya ofiirawo anachita kubwereka, ndipo ankamuluma m'khwapa.

Bwanayo anamwetulira ogula, n'kunena kuti za antchito akambirana mawa.

Ntchito ya Wamanzere inali kukulunga mphatso patebulo la pafupi ndi khomo. Riboni ankamanga ndi dzanja lamanzere, mfundo n'kupendekera kwina, ndipo dzinalo linachokera pamenepo. Chiyambire m'mawa anali atakulunga zidole zaubweya zokumbatira mitima, maluwa apulasitiki owazidwa perefyumu, makapu olembedwa mawu okoma. Mnyamata wina anabwera ndi zidole ziwiri zofanana n'kupempha mapepala osiyana mtundu, kuti asasokoneze popereka. Bambo wina wa tayi anamuletsa kuchotsa kapepala ka mtengo, ati mayiwo aone okha kuti sanaseweretsedwe.

Pamakina olipirira panali mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, yemwenso anamupezera ntchitoyi. Mzere ukangochepa pang'ono ankasuzumira n'kufunsa kuti achimwene ake agula chiyani chaka chino. Wamanzere atayankha kuti palibe, ndipo anagwirizana choncho, mlamuyo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Anati mwamuna wosagula ngakhale switi pa tsiku lotere ameneyo si mwamuna, ndi m'bale wako wogona naye nyumba imodzi.

Wamanzere sanafotokoze. Akanayambira pati? Mwamuna wake ankakanda ufa kophikira buledi, ntchito ya usiku. Iye akamalowa m'nyumba madzulo, mwamunayo amakhala akumanga zingwe za nsapato. Iye akamadzuka, mwamunayo amakhala akulowa, akununkha yisiti, n'kugona pamalo pofunda pomwe mkazi wake wangochoka. Bedi lawo silinkazizira, koma silinkawaonanso ali awiri. Nkhani zonse za banja ankakambira pakhomo, wina phazi mkati, wina phazi kunja.

Ndiye za lero anapangana chinthu chimodzi chokha. Iye aweruke msanga, akhale pasitepe ya pakhomo, mwamuna wake amumasule tsitsi monga ankachitira ali pachibwenzi, asanapite ku uvuni. Tsitsilo linali litakhalitsa loluka, likumuyabwa, koma analisunga dala. Zala zozolowera ufa sizikoka tsitsi.

Tsopano dzuwa linali kukwawa pakhoma la nyumba ya tsidya la msewu. Ankalitsata ndi diso limodzi. Linali pawindo la pamwamba, kenako linasiya windo n'kukwera kudenga. Foni yake inali yotsekeredwa m'dirowa ya bwana pamodzi ndi za anzake, mwa lamulo la m'sitolo. Anadula pepala mokhotetsa, anadulanso lina. Anakanda m'mutu ndi nsonga ya sizasi. Mzere unali kungokula, anthu akupondana zidendene, aliyense atakumbatira chikondi chake cha m'shelefu.

Atadzutsa mutu anaona mwamuna wake. Anali kumapeto kwa mzere, atavala kale nsapato zoyera za kuntchito, chikwama paphewa, akusuntha pang'onopang'ono ngati wogula wina aliyense. Atafika patebulo anapisa m'thumba n'kuikapo chipeso chawo chakuda, chija chothyoka dzino limodzi.

"Mundikulungireko ichi, mayi. Ndi cha akazi anga. Ndi aukali, ndiye mumange bwino."

Wamanzere analuma mlomo kuti asaseke. Anasankha pepala, nalidula mosafulumira kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo. Mwamunayo anawerama n'kunong'ona kuti anadikira pasitepe mpaka tiyi anayamba kuzizira, ndiye wamuthira mufulasiki. Galimoto ya kuntchito idzamutenga pamphambano magetsi a mumsewu akangoyaka. Anawonjeza kuti asadandaule, tsitsi silithawa, adzamasula tsiku lina.

"Nanunso mwayamba za mawa?"

Asanayankhe, bwana anali atafika. Anatola chipesocho ndi zala ziwiri ngati watola mphemvu. Anati patebulo pano pamakulungidwa zogulidwa muno zokha. Ngati bamboyu ali ndi mkazi, atenge kanthu m'shelefu, ngakhale kakhadi, apo ayi apatse ena mpata. Anatembenukira mzere n'kunena mokweza kuti amuna obwera ndi zipeso zakale pa tsiku ngati lino ndi amene amanyozetsa amuna anzawo. Ena anaseka.

Mwamuna wa Wamanzere analandira chipeso chake ndi manja awiri, napepesa.

Kupepesako n'kumene kunamuwotcha. Munthu waimirira pamzere, sanabe, sanatukwane, wangobweretsa chipeso cha m'nyumba mwake, ndiye apepese chiyani? Mlamu wake anali atazyolika pamakina, makutu okha ali tcheru. Ananong'ona osayang'ana kuti alamu agwire mtima, ntchito ndi yosowa.

Wamanzere anaika sizasi pansi. Anatenga katoni yolimba ya makapu pansi pa tebulo, anadutsa pakati pa mzere, natuluka. Panja, pafupi ndi windo lodzaza mitima yapepala, anaika katoniyo n'kukhalapo, nsana wowongoka.

"Masulani."

Mwamunayo anayang'ana mlongo wake kudzera pagalasi, anayang'ana magetsi a mumsewu. Anali asanayake. Anatsitsa chikwama, anathira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki n'kumupatsa, kenako anaima kumbuyo kwake. Anayambira kunkhongo, monga kale. Nsonga ya chipeso inalowa pansi pa mzere woyamba, zala zikutsatira, kumasula, kusalaza, kukanda pang'ono pomwe panali pothina. Wamanzere anamva khungu la m'mutu likupuma. Tiyi anali wofunda chabe, shuga wochuluka monga mwa chizolowezi cha mwamunayo. Anamwa, maso ali pa magetsi aja.

Mwamunayo anang'ung'udza kuti amene analuka tsitsili anali pa mkwiyo ndi winawake. Iye anayankha kuti anali mlongo wake yemweyo, akamufunse. Anaseka onse awiri, motsitsa.

Odutsa anayamba kuchepetsa liwiro. Mayi wina wotuluka m'sitolo, chidole chokulungidwa kukhwapa, anaima n'kufunsa ngati bamboyu amabwerekedwa. Mlonda wa pakhomo anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Mkati, mzere wa patebulo la mphatso unali utaima, ndipo anthu anali kuyang'ana kunja.

Bwana anatulukira pakhomo riboni ili m'manja. Zinkaoneka kuti anayesa kumanga yekha. Anati abwerere patebulo pompano, apo ayi mawa asadzavutike n'kubwera.

Zala zinaima m'mutu mwake. Wamanzere anakweza dzanja lamanzere, anagwira mkono wa mwamuna wake n'kuubwezera pomwe unali. Theka la mutu linali litamasulidwa, tsitsi litaima ngati tchire, theka lina likadali m'mizere. Kumbuyo kwa bwana kunali kutaima anzake a malaya ofiira: wolongedza m'mashelefu, wosesa, ndi mlamu wake, amene anali atasiya makina popanda munthu.

Kumapeto kwa msewu getsi loyamba linaphethira, n'kuzimanso.

Wamanzere sanadzuke pakatoni, sanakwezenso mawu.

"Dzulo munatilonjeza kuti tiweruka liti, bwana? Olawirira ndi awa, malaya ofiira ndi awa, dzuwa ndi ilo lapita. Musanene za mawa. Yankhani pano, anthuwa amve."