Benchi ya Pampanda wa Amayi

Tsiku limene nyundo inagwa koyamba pa mpanda wa amayi ake, Mzime anavina. Munthu wamkulu ndithu, wojambula mapulani a nyumba, wa digiri yakeyake, chisoti cholimba chili kumutu, koma anadumphadumpha m'fumbi ngati kamwana koona ndege. Njerwa zinkagwa, mabotolo osweka a pamwamba pa mpanda ankaphwanyikira pansi, ndipo phokoso la mumsewu linalowa pabwalo koyamba chimangireni chimpandacho.

"Menyani, amisiri! Menyaninso pomwepo!"

"Achemwali, ine imvi zandimerera ndikumanga mipanda," anatero mmisiriyo akupukuta thukuta. "Koma yoboola mpanda wabwinobwino ndaiona lero. Ntchito imeneyi amagwira ndi akuba, ndipo iwo safuna pulani."

Mpandawo anamangitsa ndi achimwene ake a Mzime, mwana wachisamba m'banjamo, chaka chimene akuba anaba makina osokera pakhonde. Amayi anali telala. Moyo wawo wonse anasokera pakhonde loyang'ana kumsewu, ndipo munthu sankadutsa osasiyapo moni, dandaulo kapena kabodza kotentha. Achimwene anaumanga mwachikondi, pamenepo tisawanamizire, kungoti chikondi chawocho chinatalika mpaka kupitirira denga. Kenako sitiroko inawagwira Amayi, n'kuwapotoza kamwa, n'kuwalemetsa mwendo wakumanzere. Mzime anabwerera kudzakhala nawo, ndipo ankawaona akuzimirira tsiku ndi tsiku m'chipinda, wailesi ikudziyankhulira yokha pambali.

Tsopano Achimwene anali atagamula zowatengera Amayi kwawo, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni pomwe anthu a mumsewu amaoneka ngati nyerere. Amayi sanakane. Anangofunsa kuti, "Kumeneko kumadutsa anthu?" Funso limeneli linamupweteka Mzime mumtima, ndipo anapempha achimwene akewo kuti amulole kuyesa chinthu chimodzi asanasamutse munthu.

Mzime ankakhulupirira kuti nyumba zimayankhula, ndipo ukamuyamba nkhani imeneyi ukhale utadyeratu. Ankati khomo la banki limati, "Pukuta nsapato." Khonde la chipatala limati, "Dikira, si iwe wekha." Mpanda wa mabotolo sunena zambiri, umangoti, "Choka!" Ndipo pakamwa pa nyumba iliyonse, ankatero, ndi pamalo paja pomwe msewu watha koma nyumba isanayambe. Amayi sanasiye kucheza ndi anthu chifukwa cha mwendo ayi. Mpanda ndiwo unawatsekera pakamwa pa nyumba yawo.

Pulani yake inali iyi: kugwetsa chigawo cha mpanda pafupi ndi geti, kuubweza m'kati pang'ono kuti pakhale ngati thumba loyang'ana kumsewu, kufolerapo malata, n'kumanga benchi yasimenti kuti wodutsa aliyense azipumirapo. Kumbuyo kwa benchiyo kukhale kampanda kofika m'chiuno, ndipo kuseri kwake mpando wa Amayi.

"Ndiye ukuwamangira akuba podikirira," anatero Achimwene ataona pepalalo.

"Ndikuwamangira Amayi alendo, Achimwene. Wakuba amakonda mpanda umene sumuonetsa. Malo okhala anthu amawathawa."

"Uike zitsulo pamwamba pa kampandako. Ndipo ndikuuziretu, zikapanda kuthandiza ndibwera ndi njerwa, nditseka, Amayi ndinyamula."

Mzime anavomera zonse asanamalize n'komwe kuyankhula. Masiku omangawo ankadzuka mbalame zisanalire, akuimba. Anayeza kutalika kwa benchi ndi miyendo ya anthu atatu osiyana, anapendeketsa malata kuti mthunzi uzigwera pamenepo dzuwa likafika paliwombo, anasankha matailosi obiriwira osalala ngati mbale. Khoma analipaka laimu woyera mbee, n'kuika miphika iwiri ya maluwa uku ndi uku. Atatsiriza anaima patali, manja m'chiuno, misozi ili lengelenge. Chinthucho chinali chokongola, ndipo ankadziwa.

M'mawa mwake anasesapo, anapukuta matailosi, n'kuwoloka msewu kukaima pakhonde la golosale, foni ili m'manja, kuti ajambule munthu woyamba kukhala. Mtima unkagunda ngati akudikira zotsatira za mayeso.

Anadutsa ana asukulu, anayang'ana, anapita. Anadutsa bambo wosenza thumba la makala, thukuta lili kamukamu. Anachepetsa liwiro, anaona matailosi, anadziona yekha, anaona mayi wolozetsa foni kutsidya, n'kukatula katundu wake patsogolo, pamwala, padzuwa. Anadutsa anamwino awiri, mmodzi n'kunena kuti, "Kaya akutsegula ofesi yanji apa."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," Mzime anadziuza. Mawa lake anasesanso, anapukutanso, anakaimanso ndi foni. Nkhuku ya aneba itakwera pabenchi anaithamangitsa ndi tsache. Nkhuku imeneyo ndiyo inali mlendo yekhayo sabata yonseyo.

"Lembanipo kuti khalani pansi, n'zaulere," analangiza mmisiri uja atabwera kudzatenga makwerero ake.

"Ayi! Nyumba yofuna chikwangwani ndi nyumba yachibwibwi."

"Chabwino, achemwali. Koma yanuyi ndiye sikutsegula n'komwe pakamwa."

Amayi nawo anakana kutuluka. "Ndikakhale kuseri kwa zitsulo ndekhandekha, ndi kamwa langali, anthu azindiona ngati katundu wa pawindo la sitolo? Ndisiye, mwanawe." Ankayankhula ataphimba pakamwa ndi nsalu, monga ankachitira chidwalireni. Apa Mzime anayamba kuchita mantha enieni. Anachotsa miphika ya maluwa. Sizinathandize. Anaganiza zoti mwina walakwitsa mtundu wa matailosi, mwina denga latsika kwambiri, mwina iyeyo ndi wongodziwa kujambula pamapepala basi.

Loweruka masana Achimwene anatulukira, nkhope ili gwaa. Anati lole ya njerwa ili m'njira, ndipo Amayi alongeze. Anakumana ndi Mzime pageti, mkangano n'kuyambira pomwepo. Dzuwa linali loswa mtengo. Achimwene ndi munthu wathupi, ndipo tayi samusiya ngakhale Loweruka. Anayankhula za akuba, za madokotala, za ana aakazi ophunzira kwambiri, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kutsata mthunzi. Anaimbira woyendetsa lole, foni sinayankhidwe. Anapukuta khosi. Kenako, ali pakati pa chiganizo, miyendo yawo inagamula yokha nkhani, ndipo anangoti khu, kukhala pabenchi.

Mzime anatsala pang'ono kukuwa. Munthu woyamba! Dzanja linathamangira m'thumba kukatenga foni, koma china chinamuletsa. Anangoona mmene msana wa achimwene akewo unatsamira bwino pakampanda, mmene mapazi anafikira pansi ndendende, mmene mthunzi unawaphimbira mpaka m'mawondo. Muyezo wake unali wolondola! Chimene chinatsala n'kuti munthuyu asadzuke.

"Ndiye mumati akuba atani, Achimwene? Sindinamvetse bwino."

Achimwene anayambiranso pachiyambi, ndipo nkhani ya akuba saithera pafupi. Anavula nsapato imodzi kuti phazi lipume. Ali m'kati mofotokoza, mayi wina wobereka mwana, chidebe chili pamutu, anaima pamsewu. Anayang'ana benchi, anayang'ana bambo wovula nsapato, n'kulowa mumthunzimo.

"Zikomo bambo, tasendezani pang'ono."

Achimwene anasendeza osaganiza n'komwe. Mayiyo anatula chidebe pamatailosi obiriwira aja, madzi n'kutayikira, anamasula mwana n'kuyamba kumuyamwitsa. Posakhalitsa kunabwera mkulu wina wa ndodo amene amadikira minibasi, anapereka moni, anakhala kumapeto. Kenako mtsikana wonyamula mabuku anatsamira chipilala.

Mzime anamva chisangalalo, komanso manyazi pang'ono. Benchi yopanda munthu, yowala, yokhala ndi mlonda wa foni kutsidya, inkauza anthu kuti, "Ndili ndi mwini wanga." Inkangofuna munthu mmodzi wotuluka thukuta kuti mawu ake asinthe.

"Malo abwino awa," anatero mkulu wa ndodo uja. "Ine ndimayesa ndi a boma. Mwamanga ndinu, bambo?"

"Ine? Ayi, ine ndabwera kudza..." Achimwene sanamalize.

"Mulungu akudalitseni. Msewu wonsewu munthu ulibe pokhala, mipanda yokhayokha ngati tikudutsa pakati pa ndende ziwiri. Kale pano panali khonde, pankasoka telala wina wamkazi, pakamwa ngati lumo. Suti yanga yaukwati anasoka ndi iyeyo. Kaya anamwalira liti mayi ameneyo."

Achimwene anayang'ana pansi, pa sokosi yawo. Ndiye kuseri kwa kampanda kunamveka go, go, go, ndodo ikugunda simenti, phazi lina likukhwekhwereza. Mawu a anthu anali atalowa pawindo mpaka kuchipinda.

"Wamwalira ndani?" anatero Amayi, atagwira chitsulo ndi dzanja lawo labwino. "Iwe, si iwe unabwera ndi nsalu yoperewera n'kumati ndikusokere suti ya mabatani atatu?"

Mkulu uja anadzuka, ndodo n'kugwa. "A telala! Muli moyo?"

"Ndili moyo, kungoti anandisunga m'bokosi ndisanafe."

Mayi woyamwitsa anaseka mpaka mwana anasiya bere. Mtsikana wa mabuku anathamangira kutola ndodo ya mkuluyo. Mzime analowa pageti ngati mphepo, anakankhira mpando kumbuyo kwa Amayi, n'kuwakhazika. Amayi, uku akuseka, ankafunsa kale za mkazi wa mkulu uja, za ana, za amene anagula nyumba yapakona. Mawu ankatuluka mopotoka, ena osamveka bwino, koma panalibe amene anachita nazo kanthu. Nsalu yophimba pakamwa inali itagwera pamiyendo, ndipo Amayi sanaitole.

Nthawi yomweyo lole inafika ikufuka utsi, n'kuima kutsogolo kwenikweni kwa benchi. Woyendetsa anasuzumira pawindo.

"Bwana, njerwazi titsitsire pati?"

Aliyense anayang'ana Achimwene. Achimwene anatembenuka pabenchipo n'kuyang'ana amayi awo kudzera m'zitsulo zimene analamula okha. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo maso awo anafiira. Anali asanawaone akuseka chidwalireni, ndipo zinawapweteka kuti amene wawaseketsa ndi munthu wodutsa m'njira.

"Amayi," anayamba, "ine ndimafuna kuti mukhale otetezeka."

"Ndikudziwa, mwanangu. Unachita bwino." Amayi anatulutsa dzanja pakati pa zitsulo n'kuwasisita paphewa. Kenako anakweza chibwano kuloza kumsewu. "Tsopano uza chigalimoto chakocho chisunthe. Chikunditchingira anthu."

Achimwene anavala nsapato yawo, anadzuka, anapita kukayankhula ndi woyendetsa uja. Lole inalira, inabwerera chammbuyo, n'kupita ndi njerwa zake zonse. Pamene ankabwerera, pamalo pawo panali patakhala kale bambo wa makala uja, akupukuta matailosi ndi chipewa chake asanatsamire.

"Achimwene, malo atha!" anakuwa Mzime, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Achimwene anaima padzuwa kanthawi. Kenako anamasula tayi, analowa pageti, anatenga ndowa n'kuivundikira pansi, n'kukhala pambali pa Amayi, nkhope yoyang'ana kumsewu.