Mayi Anakana Kugwada

"Bwezeranso," anatero bambo, ataima kumbuyo kwa mpando wa mwana wawo wamkazi.

Panali patangopita masiku anayi chiikireni mayi m'manda, ndipo filimu yawo yomaliza inalibe mapeto. Bambo ndiwo ankalemba ndi kutsogolera, mwanayo ankalumikiza zithunzi pa kompyuta. Kwa zaka makumi awiri mayi ankasewera mkazi wozunzika, ndipo filimu iliyonse inkatha chimodzimodzi: wazibwenzi ndi mwamuna, koma wogwada n'kupepesa ndi mkazi. Kunyumbanso zinkayenda choncho, kungoti kunalibe kamera.

Bambo ankafuna mapeto omwewo, ati anthu akumbukire mkazi wawo ali wofatsa. Mwanayo zinkamuwawa kuti dziko liwaone mayi ake komaliza ali chogwada.

Gawo logwadalo analijambula kasanu ndi kawiri. Koyamba mayi anayetsemula. Kachiwiri anatchula dzina lenileni la wosewera mnzawo. Kachitatu anayang'ana m'kamera, zimene ngakhale wophunzira sachita. Kwinako ndolo inagwa, kwina anaphulika kuseka. Ameneyu ndi munthu amene sankaphonya liwu ngakhale mutu ukuwawa.

"Matenda anali atayamba," anatero bambo.

"Sanali matenda, bambo. Ankachita dala. Taonani ichi."

Chinali chithunzi chachisanu ndi chitatu cha gawo lomwelo, chojambulidwa bambo atatuluka kukayankha foni. Mayi anaimirira, n'kusasa fumbi m'mawondo. Anaika makiyi patebulo, n'kuuza mwamuna wa mufilimuyo kuti, "Nyumba yako ndi iyi. Wogwada ukamufune kwina." Ananyamula chikwama n'kutuluka osacheuka. Munalibe cholakwika ngakhale chimodzi.

Bambo anakalipa kuti zimenezo sanalembe iwo. Mwanayo sanatsutse, anangowapatsa mpando kuti asankhe okha pa zisanu ndi ziwiri zija. Anafufuza mpaka tiyi wawo anazizira, koma palibe chimene chikanatheka kuonetsedwa kwa anthu. Woti abwereze kugwadako anali atagona kumanda.

"Ikamo chachisanu ndi chitatucho," anatero potsiriza, mawu ali pansi.

Mwanayo anasangalala mpaka misozi. Anabwezera chithunzicho kumayambiriro kwenikweni kuti ayambe ntchito, ndipo m'pamene anaona zimene poyamba anazidumpha. Asanayambe kusewera, mayi anayandikira kamera akumwetulira, n'kuomba m'manja kamodzi, chizindikiro chimene wolumikiza amagwirizanitsira mawu ndi chithunzi.

Ngakhale pamenepo, sanafune kuti mwana wawo avutike.