Dipo la Wophika

Miyezi itatu inali itatha chigwidwire sitima ya katundu imene mwamuna wa mayi wina wosoka zovala ankagwiramo ntchito yophika, koma mayiyo anali asanamuuzebe mwana wake kuti achifwamba a panyanja awatenga bambo ake. Ankati amuuza mawa, kukacha ankatinso mawa. Mwanayo anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo bambo ake anamutcha Namafunso chifukwa sankalola nkhani kumudutsa osaigwira mchira. Akafunsa, mayi ake ankamuyankha kuti adadi ali kutali, netiweki yavuta. Bodzalo linali lopyapyala ngati nsalu yotchipa, koma mayiyo ankaliika zigamba tsiku ndi tsiku. Chimene ankaopa kwambiri ndi nkhope ya mwanayo tsiku lodzamva zoona.

Ndiye kunabwera mchimwene wake wa mayiyo, wokonza mafoni pa kabenchi pafupi ndi siteji ya basi, munthu wamtima wabwino koma woganiza mochedwa. Anabweretsa foni yong'aluka galasi kuti mwana azitayirapo nthawi akaweruka kusukulu. Mayiyo anathokoza. Patapita masiku anasuzumira paphewa pa mwana uja ali chigonere pamkeka pafupi ndi makina osokera, ndipo pafonipo anaona mbendera yakuda yokhala ndi chigaza.

Inali gemu ya achifwamba a panyanja. Wosewera amapatsidwa chilumba ndi masitima awiri, ndipo amayenera kuganiza: mphepo ikuchokera kuti, chakudya chikwana masiku angati, mizinga aiike mbali iti. Akagwira sitima ya amalonda, anthu a m'sitimamo amaima pamzere, aliyense mtengo wake uli pamwamba pa mutu. Pansi pamabwera mabatani atatu: kumasula, kufuna dipo, kapena kuponya m'madzi. Woponyedwayo amatambasula timiyendo, madzi amati phuvu, kenako kanyimbo koseketsa kamalira.

Mayiyo anasiya diresi la kasitomala pakati pa msoko n'kupita ku kabenchi kaja.

"Achimwene, mutu wanu ukuyenda bwino? Pa magemu onse a padziko mwasankha umenewu?"

"Aaa, achemwali, inali momwemo m'fonimo, ine sindinaganize," anatero akukanda m'mutu ndi sikuludiraiva. Kenako anayamba kudziteteza. "Komatu ndi ya ana. Taonani apa, alemba kuti kuyambira zaka zisanu ndi ziwiri. Mulibe magazi, mulibe zotukwana. Imaphunzitsanso masamu ndi kukonzekera zinthu."

Zoona, anali atalemba choncho. Kwinakwake munthu wovala tayi anakhala pampando wandalema, anafufuza magazi, sanawapeze, anafufuza mawu oipa, sanawapeze, basi n'kudinda kuti ana asewere. Kuti mwina mwana wina bambo ake ali pamzere weniweni, zimenezo sizinali pa fomu yake.

"Ndiifufute?" anafunsa mchimweneyo.

Mayiyo anapukusa mutu. Akanaifufuta, Namafunso akanafunsa chifukwa, ndipo akanafunsa mpaka chifukwacho chitatuluka. Anabwerera kunyumba gemu ili momwemo, akudzida yekha.

Kuyambira pamenepo nyumba yawo ya zipinda ziwiri inkamveka zinthu ziwiri: makina osokera ndi mizinga ya m'foni. Mwanayo sankasewera ngati ana ena, okuwa ndi kudumpha. Ankakhala duu, milomo atailuma, pambali pali kope la kusukulu limene ankalembamo timanambala. Anzake a pa mdadada akamuitana kukadumpha chingwe, ankati ali bize. Mayiyo zinkamunyansa kuona mwana wake akusangalala ndi mbava, akuzimangira masitima, akuzidyetsa. Tsiku lina anamva kanyimbo koseketsa kaja kakulira katatu motsatizana, ndipo anadzibaya ndi singano pachala. Anatuluka panja kukalirira kuseri kwa thanki ya madzi.

Foni ya ku kampani ya sitima inabwera Lachinayi masana, mayiyo ali m'sitolo ya nsalu akusankha zipi. Anali bambo yemwe uja amene ankaimba sabata iliyonse kunena kuti zokambirana zikuyenda bwino. Tsiku limeneli mawu ake anali ofewa mopitirira muyezo.

"Mayi, muli pamalo poti mungakhale pansi?"

Anakhala pa mpukutu wa nsalu. Bamboyo anati dipo laperekedwa, anthu amasulidwa, khumi ndi anayi atsika kumtunda. Anagwidwa anali khumi ndi asanu. Mwamuna wake anadwala malungo masabata atatu apitawo, m'sitimamo mankhwala anali atatha, ndipo anamwalira. Anzake akuti anawaphikira onse, ogwidwa ndi achifwamba omwe, mpaka tsiku limene miyendo inakana. Thupi analiika m'nyanja. Bamboyo anapitiriza za mapepala ndi ofesi, koma mayiyo sankamvanso. Wogulitsa nsalu anamupatsa madzi, iye anangowagwira.

Anayenda wapansi mpaka kunyumba, zipi zili m'manja, osakumbuka ngati analipira. Njira yonse ankayeserera mawu. Tsopano nkhani zinali ziwiri, ya kugwidwa ndi ya imfa, ndipo mwanayo anayenera kuzimeza zonse nthawi imodzi chifukwa cha mantha a mayi ake.

Anamupeza ali pamkeka, yunifolomu asanavule, nsapato imodzi ili pakhomo ina pansi pa tebulo.

"Zimitsa chimenecho."

"Dikirani kaye, amayi, ndikuonetseni."

"Ndati zimitsa!"

"Amayi, chonde. Ndi za adadi."

Mayiyo anakhala pa kampando ka makina.

"Za adadi ziti?"

Mwanayo sanamuyang'ane. "Ndikudziwa kalekale. Kalata ya ku kampani munaibisa m'chitini cha mabatani, ine ndimafuna batani la shati. Sindinanene chifukwa mukanalira." Anadzuka n'kubwera kudzaima pambali pake, foni ili m'manja, kope lili m'khwapa. "Ine ndi amene ndinawapempha amalume gemuyi, musawakalipire. Ndimafuna ndidziwe mmene achifwamba amaganizira."

Anatsegula kope lija. Munali mizere yojambulidwa ndi rula, masamba asanu ndi limodzi, zolemba zaukhondo kuposa za homuweki.

"Onani. Kaputeni mtengo wake ndi waukulu, ameneyo samukhudza n'komwe. Makaniko nayenso. Wotchipa kwambiri ndi wophika. Ndiye chakudya chikayamba kuchepa, gemu imakuuzani kuti muyambe kuponya wophika." Analoza mzere wina. "Ndinayesa kuwamasula onse, ndinkangoluza. Ndinayesa kuponya wophika, kuti ndione. Ndinamuponya kakhumi ndi kawiri, amayi. Ndinkatseka maso."

Mayiyo anafuna kumugwira, koma mwanayo anali asanamalize, ndipo mawu ake anayamba kuthamanga ndi chisangalalo.

"Koma dzulo ndatulukira chinsinsi. Mukamukoka wophikayo n'kumuika kukhitchini kwanu, anthu anu amakhuta, amalimba, mumawina. Ndayesa kasanu, kasanu konse ndawina. Ndiye achifwamba anzeru sangamuponye wophika, amamufuna kuposa kaputeni. Ndipo adadi amaphika bwino, mpunga wawo sumata. Akangolawa, sawachita kanthu. Mwaona? Musamalirenso kuseri kwa thanki."

Mayiyo anayang'ana masamba aja. Miyezi yonseyi iye ankabisa, mwana wake ankanyamula yekha katundu ameneyu pamkeka, mapazi atatu kuchokera pa makina osokera. Anachita manyazi aakulu, ndi chisoni choposa chimene anamva m'sitolo muja.

Anatenga foniyo pang'onopang'ono n'kuiika chafufumimba patebulo. Anamukhazika mwanayo pamiyendo ngakhale anali atakula, n'kumugwira manja onse awiri.

"Unalondola, mwana wanga. Sanawaponye. Anawasunga kuti aziphika, monga wanenera."

Nkhope ya mwanayo inawala.

"Koma adadi anadwala malungo. Kunalibe mankhwala. Atisiya, mwana wanga. Adadi anamwalira."

Mwanayo sanalire. Anayang'ana kope lake, anatembenuza tsamba, anabwerera, ngati akufufuza pamene anaphonya samu.

"Mu gemu mulibe zodwala," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa."

"Sanaikemo zimenezo."

"Sanaikemo."

Panja galimoto yogulitsa gasi inadutsa ikuliza hutala, ndipo ana a pa mdadada ankawerenga madumpho a chingwe. Kenako mwanayo anakweza maso.

"Amayi, nanga adadi atadwala, anawaphikira ndani?"

Bambo wa ku kampani sananene zimenezo, ndipo mayiyo sanakumbuke kufunsa.