Kaseti ya a Nadimu

Yesaya anafika ku Thyolo mu 1987, akuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Pamitunda yomaliza anachita kuwabereka kumsana mayi ake, a Lestina, chifukwa miyendo yawo inali itatupa. Bambo ake anawasiya kumudzi, kuseri kwa Milanje, atawaika m'manda mothamanga, popanda ngakhale nyimbo. Popeza anali ndi achibale pa esiteti ina ya tiyi, sanakhalitse kumsasa wa othawa kwawo. Anayamba ndi kutchola tiyi, kenako analowa m'fakitale, komwe anaphunzira kukonza makina.

Womuphunzitsa anali a Nadimu, injiniya wa fakitaleyo, munthu wa imvi, wosakonda zolankhulalankhula. Antchito ena ankati ndi Mmwenye, ena ankati ndi Mgiriki. Eniakewo sankatsutsa.

Mu 1994, nkhondo itatha, malole anayamba kubweza anthu kwawo. A Lestina anamanga zovala zawo m'chitenje n'kuziika pafupi ndi chitseko. Yesaya anakana.

"Kulibe kanthu kumeneko, amayi. Nyumba anatentha, m'minda muli mabomba. Kuno ndili pantchito."

A Lestina sanakangane naye. Anangosiya kulankhula Chichewa, n'kumamuyankha m'Chilomwe chokhachokha, mwachidule.

Lamlungu lina masana a Nadimu anamuitanitsa kunyumba kwawo. Anawapeza atagwada pansi, deki ya vidiyo ili yotsegula, tepi itakulungika m'kati.

"Manja anga akunjenjemera lero," anatero a Nadimu. "Ndipo kaseti imeneyi ndilibe ina. Chonde, pang'onopang'ono."

Yesaya anaimasula tepiyo mosamala, n'kudula pamene panatafunika, n'kulumikiza. Atamaliza anatola zida zake kuti azipita, koma a Nadimu anamulozera mpando.

"Tiione limodzi, tidziwe ngati yachira."

Inali filimu yakale, yopanda mitundu. Munalibe nkhonya kapena magalimoto othamangitsana, monga m'mafilimu a kumsika wa pa Boma. Munali tinyumba ta malata tothithikana, ngalande ya madzi akuda ikudutsa pakati. Amayi anandandalika pampopi umodzi ndi zidebe zawo. Yesaya sankamva chilankhulo chawo, koma mzerewo anaudziwa. Anadziwanso mmene amaimira munthu amene akudikira kuti dzina lake liitanidwe polandira ufa.

"Kumeneku ndi kuti, bwana?"

"Ku Lebanon, mumsasa momwe ndinakulira. Ife ndife Apalesitina. Filimuyi tinajambula ndi anzanga tili anyamata, ine ndinkakonza kamera ndi kunyamula mabatire. Tinkaganiza kuti dziko likationa lichita manyazi."

Kenako panaoneka mdala wina atakhala pampando wopanda chotsamira, akulankhula modekha, akuwerenga zinthu ndi zala. A Nadimu anayamba kumasulira, maso ali pakanema.

"Akutchula minda ya kumudzi kwawo ndi eni ake, umodziumodzi. Akuti chitsime chili kumunsi kwa mzikiti. Akuti pothawa sanatenge zofunda zambiri, chifukwa anauzidwa kuti abwerera pakatha masabata awiri. Pamene amalankhulapa n'kuti patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi."

"Mukuwadziwa?"

"Ndi bambo anga."

Yesaya anayang'ana pansi. Kenako anafunsa ngati mdalayo anabwerera kwawo.

"Anamwalira mumsasa momwemo. Ankandipempha kuti ndipeze njira yoti akangoonako. Ndinalemba makalata mpaka ndinatopa. Mudziwo suliponso, ndipo ngakhale ukadakhalapo, chiphaso changa chimandilola kulowa mayiko ena, kupatula kwathuko."

Filimu inapitirira. Panafika pamene Yesaya analumikiza, chithunzi chinagwedezeka, mawu ena a mdalayo n'kudumphika. A Nadimu anawanena okha pamtima mawu osowawo, m'Chiarabu, ndipo sanawamasulire.

Pobwerera, Yesaya sanadutse msewu waukulu. Analowa m'tinjira ta m'minda ya tiyi, akuyenda mochedwa. Chimene chinkamuvuta sichinali nyumba yotenthedwa kapena mabomba, ndipo iye ankadziwa. Ankaopa kukaima pamalo pamene anakumbira bambo ake dzenje losaya ndi khasu lothyoka mpini, mfuti zikulira kutsidya kwa dambo. Zaka zisanu ndi ziwiri anali asanauzepo munthu kuti dzenjelo linali losaya.

Atafika anapeza mayi ake akusankha nyemba pakhonde. Anakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza zonsezo m'Chilomwe. A Lestina anamvetsera osasiya ntchito yawo.

"Ndinaona," anatero. "Ndinalipo. Unachita zimene ukanatha."

Lolemba anapempha tchuthi cha masabata atatu. A Nadimu anasaina pepalalo osafunsa chifukwa.

Atafika kumudzi ndi mayi ake, anapeza udzu wotalika kuposa munthu ndi mabanja asanu amene anali atabwerera kale. Msuweni wake, Blackson, anamusonyeza njira zoyenera kuponda ndi zoyenera kupewa. Manda anawapeza tsiku lachitatu. Anawaunjikira dothi ndi miyala, ndipo anthu a m'mabanja asanuwo anabwera kudzaimba. Yesaya anawamangira mayi ake kanyumba ka udzu pafupi ndi kwa Blackson. Iwo anatsala, iye anabwerera kuntchito.

Tsiku limene analowanso m'fakitale, a Nadimu anamutengera panja, kutali ndi phokoso la makina.

"Mwapezako chiyani?"

Yesaya anayankha mwachidule, koma iwo sanakhutire. Anafunsa za mtundu wa dothi, za pamene msewu umakhotera, ngati anauzindikira mudziwo akadali patali kapena atafika kale. Anaimirira pamenepo pafupifupi ola lathunthu, wina akufotokoza, wina akumvetsera, mpaka kapitawo anabwera kudzanena kuti lamba wa makina oumitsira tiyi waduka.

Patatha zaka ziwiri kontirakiti ya a Nadimu inatha, ndipo anapita ku Canada, kumene kunali mwana wawo wamkazi. Analembako kalata imodzi, yonena kuti kukuzizira ndipo akudikirabe mapepala owalola kukhala m'dzikomo.