Tsiku Limene a Overstone Anatchula Dzina

Bambo Overstone anaponya foni pa sofa ngati yawaotcha.

"Margreth, atipeza. Mzimayi wa boma akufuna mayina a anthu onse amene ndakumana nawo."

Mkuluyu anabwera ku Perth kudzacheza kwa mwana wakeyu, yemwe ndi namwino, malire n'kutsekedwa asanabwerere. Tsopano anali atawapeza ndi korona.

Mafunso otere sanali achilendo kwa iwo. Pa nkhondo ya ku Mozambique, asilikali anawagwira ku Angonia atanyamula wailesi yokakonzetsa, amvekere ndi kazitape wa zigawenga, mdani wa boma. Anawakwapula mpaka mkono wa wokwapulayo unachita dzanzi, koma sanatchule munthu. Ndiye lero akaulule kwa mzimayi wa mawu ozuna, wopanda ndi chikoti chomwe?

"Akaimbanso umuuze kuti ndilibe mnzanga."

"Adadi, nanga a Kapembwa a konkuno ku Maddington, amene mumaswera nawo pa bawo?" anatero Margreth ali pakhomo, masiki kukamwa. "Aja ali ndi shuga ndi mphumu yomwe. Akachedwa kuyezedwa tiwataya."

"Amayamba choncho. Amati n'zokomera mnzakoyo."

Komabe mawuwo anawalasa. Ulemu wawo wonse unali pa pakamwa potseka, koma Kapembwa ankamukonda, ngakhale ankaba pa bawo. Foni italiranso anavala jekete, naimirira chilili ngati pabwalo la milandu, natchula dzinalo misozi ikulengeza. Mzimayi uja anathokoza, n'kuwakumbutsa kumwa madzi ambiri.

Nthawi yomweyo anaimbira mnzawoyo, yemwe kwawo ndi ku Zambia.

"Achimwene, ndakuperekani. Ngati kuli kothawira, thawani."

Kapembwa anaseka mpaka chifuwa chinamutsamwitsa.

"Imwe mudala! Muganiza anakupezani bwanji kuti mukapimise? Nine ninakuchulani pa Mande. Nili mu kwarantini, nimwa chabe tiyi."

A Overstone anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Anakumenyani kwambiri?"

"Awe. Ananifunsa chabe bwino bwino."

Mtima wawo unakhala pansi kuti mnzawo ali moyo, koma kuwawa kunalipo ndithu.

"Ngakhale khofi limodzi, Kapembwa?"

Anadula foni, navula jekete, n'kupempha Margreth kapu ya madzi.